Seva yatsopano ikukana query zimene yakale inkalola

Chisomo: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndithandizeni maganizo. Ndimayang'anira sisitimu ya SACCO ina kuno ku Area 25. Anailemba ndi munthu wina kalekale, pano ali kunja, ine ndinangoilandira ili choncho. Sabata yatha a hosting atisamutsa kuchoka pa MySQL 5.6 ndi PHP 7.4 kupita pa MySQL 8.0 ndi PHP 8.1. Code sindinaikhudze olo pang'ono, koma zinthu zitatu zafa kamodzi.

Lipoti la ngongole zosabwezedwa silikutsegukanso, likungolemba `Incorrect DATE value: ''`. Mamembala onse akuoneka ngati oimitsidwa, chonsecho mu tebulo ali bwinobwino. Ndiye chachikulu, kalaliki akafuna kulowetsa ndalama zimene munthu wasungitsa, ikukana ndi `Truncated incorrect DOUBLE value: 'KW12'`. Pa laputopu yanga zonse zikuyenda bho.

Kondwani: Aise zophweka izi. Lowa mu phpMyAdmin, ika `SET GLOBAL sql_mode=''` kuti uchotse malamulo okhwima a strict, umwe tiyi. MySQL 8 imavuta dala.

Chisomo: Ndi shared hosting man, SET GLOBAL sandilola.

Kondwani: Ndiye ika `SET SESSION` mu fayilo yolumikizira database. Mzere umodzi basi.

Kamanga: A Chisomo, musanaike chilichonse, pa laputopu yanuyo lembani `SELECT VERSION(), @@sql_mode;` mutiuze zimene zituluke. Mulembenso chimodzimodzi pa seva yatsopanoyo.

Chisomo: Eee. Pa laputopu yatuluka 10.4 kenako MariaDB. Ndipo palibe STRICT paliponse. Pa seva pali 8.0, ndi STRICT_TRANS_TABLES, NO_ZERO_DATE ndi zina.

Kamanga: Ndinadziwa. Mukugwiritsa ntchito XAMPP, pulogalamu ija yoyendetsera PHP ndi database pa laputopu, eti? XAMPP inasiya kubwera ndi MySQL kalekale, imene ili mkatimo ndi MariaDB ngakhale batani lake limalembedwabe kuti MySQL. Ndiye muli ndi ma database atatu osiyana: yakale ija, ya pa laputopu, ndi yatsopanoyi. Iliyonse ili ndi maganizo ake pa nkhani yoti mawu asanduke nambala liti, kapena tsiku liti. Zoti pa laputopu zikuyenda sizikutiuza kanthu.

Titumizireni query zitatuzo mmene zilili. Mayina a anthu mufufute.

Chisomo: Ya lipoti:
`WHERE tsiku_lobweza IS NULL OR tsiku_lobweza = ''`

Ya mamembala ili mu PHP:
`if ($m['ali_bwino'] === '1')`

Ya ndalama:
`$akaunti = intval($_POST['akaunti']);`
`UPDATE mamembala SET ndalama = ndalama + $zolowa WHERE akaunti = $akaunti`

Mphatso: Yachiwiriyo ndi PHP, MySQL mukuinamizira. Mu PHP 8.1 anasintha PDO, chida chimene PHP imalumikizira database: kale ukamagwiritsa ntchito emulated prepares, imene ndi default ya MySQL, chilichonse chinkabwera ngati string, olo column ikhale INT. Kuyambira 8.1 nambala imabwera ngati nambala yeniyeni. Ndiye `1 === '1'` ndi bodza, n'chifukwa chake aliyense waimitsidwa. Ukachita var_dump uona `int(1)` pomwe kale panali `string(1) "1"`.

Njira yachangu ndi kuika `PDO::ATTR_STRINGIFY_FETCHES => true` polumikiza, zibwerera mmene zinalili. Iyi ilibe choopsa.

Kondwani: Kapena kungosintha === kukhala ==. Find and replace, mphindi ziwiri.

Mphatso: Ayi Kondwani, osatero pa code yonse. == nayonso inasintha tanthauzo mu PHP 8.0. Mu PHP 7 `0 == 'KW12'` inali zoona, `0 == ''` inalinso zoona. Mu 8 zonse ziwiri ndi bodza. Ukasintha mwachisawawa udzakonza tsamba limodzi n'kuononga ena atatu osadziwa.

Chisomo: STRINGIFY yagwira asisi, mamembala abwerera. Zikomo kwambiri.

Kamanga: Ya tsikuyo tsopano. Column ndi ya mtundu wa DATE, koma query ikuifananiza ndi mawu opanda kanthu. Ma version akale akalephera kusandutsa mawuwo kukhala tsiku, ankangopereka chenjezo n'kupitiriza. Kuyambira 8.0.16, imene inatuluka mu 2019, akalephera amaima ndi error 1525. Ndipo izi sizili mu sql_mode, a Kondwani, mukhoza kuifufuta yonse koma lipotilo silitseguka. Chotsani `OR tsiku_lobweza = ''`.

Koma musathere pomwepo. Pa 5.6 yopanda strict, fomu ikatumiza tsiku lopanda kanthu, MySQL inkalemba 0000-00-00 mu tebulo. Mizere imeneyo ilipobe, inasamuka nanu. Ifufuzeni ndi `WHERE YEAR(tsiku_lobweza) = 0`, chifukwa mukalemba '0000-00-00' mwachindunji NO_ZERO_DATE ikhoza kukukanirani. Mukaipeza muisandutse NULL, apo ayi ngongole zimenezo zisowa pa lipoti ndipo anthu adzaoneka ngati anabweza.

Yamikani: Kuonjezerapo a Kamanga, pali kachinthu kena koseketsa. Column ya DATE ikakhala NOT NULL, mu MySQL `IS NULL` imagwira mizere ya 0000-00-00. Anachita dala chifukwa cha mapulogalamu a ODBC amene sadziwa tsiku la ziro. Ndiye query imodzimodziyo imabweretsa zosiyana kutengera mmene column inalembedwera. Chisomo aone kaye `SHOW CREATE TABLE`.

Chisomo: Imalola NULL. Ndapeza mizere ya ziro ingapo, yambiri ndi ya zaka zoyambirira. Ndaisunga kaye pambali ndisanasinthe.

Kondwani: Chabwino, ziwiri zatheka. Koma yachitatuyo sql_mode imakonza, musandiuze kuti ayi. Error 1292 pa UPDATE imabwera chifukwa cha strict. Chotsa strict, kalaliki ayambe kugwira ntchito. Kumapeto kwa mwezi kuno anthu alandira, mawa mmawa kukhala mzere mpaka panja. Inu mukufuna mwana wa eni ake akhale pansi kulemba code bwinobwino pomwe azimayi akudikira ndi ndalama m'manja?

Kamanga: Ikhoza kuyenda, zoona. Koma taonani query-yo kaye. Column ya akaunti ndi ya mtundu wanji, a Chisomo?

Chisomo: VARCHAR(10), ili ndi UNIQUE index.

Kamanga: Ndiye apa ndi pamene pagona nkhani. Akaunti ndi mawu, koma intval ija imatulutsa nambala yopanda makoteshoni. MySQL ikakumana ndi mawu mbali ina, nambala mbali ina, simasandutsa nambala kukhala mawu ayi. Imasandutsa zonse ziwiri kukhala DOUBLE, mtundu wina wa nambala. Kutanthauza kuti imatenga akaunti iliyonse ya mu tebulo, mzere ndi mzere, n'kuiwerenga ngati nambala. '457' ikhala 457. '0457' ikhalanso 457. '457B' ikhalanso 457, chifukwa imawerenga mpaka pamene manambala athera. 'KW12' ilibe nambala koyambirira, ndiye ikhala 0, ndipo ndi pamene ikudandaula kuti Truncated incorrect DOUBLE value.

Malamulo osandutsawa ndi amodzimodzi pa 5.6 ndi pa 8.0. Chasintha n'choti yakale inkangonong'ona chenjezo, limene palibe amaliwerenga pokhapokha ulembe `SHOW WARNINGS`, pomwe yatsopanoyi ikukana kulemba. Kuchotsa strict kuli ngati kondakitala kumata tepi pa kanyali kofiira ka oyilo kuti dalaivala asakaone, minibasi ifike kaye ku depoti.

Tandiyeserani iyi, ndi SELECT chabe siononga kanthu:
`SELECT akaunti + 0 AS n, GROUP_CONCAT(akaunti), COUNT(*) FROM mamembala GROUP BY n HAVING COUNT(*) > 1;`

Chisomo: Dikirani pang'ono, magetsi athima, ndilumikize foni.

Tadala: Podikira, ine zoterezi zinandipeza pa SQLite, pa app ya alangizi a zaulimi. Amene anapanga tebulo analemba mtundu wa column ya foni kuti STRING. Ukaiona umati ndi mawu. Koma SQLite siidziwa STRING. Imayang'ana ngati m'dzina la mtundu muli INT, kapena CHAR, CLOB, TEXT, kapena BLOB, kapena REAL, FLOA, DOUB, ikasowa zonsezi imaipatsa NUMERIC. Ndiye nambala iliyonse yoyamba ndi 088 kapena 099 inkalowa ziro atadulidwa. Yolembedwa ndi mipata pakati inkakhala bwinobwino chifukwa simaoneka ngati nambala. Tebulo limodzi, column imodzi, mizere ina integer ina text. `typeof` ndi imene inaulula.

Mphatso: STRICT tables sizikanathandiza?

Tadala: Zikanathandiza, mu STRICT dzina loti STRING limakanidwa pomwepo popanga tebulo, amalola INT, INTEGER, REAL, TEXT, BLOB ndi ANY basi. Koma zinabwera mu 3.37, November 2021, ndipo pa Android SQLite imabwera ndi foniyo. Timafoni timene alangizi amayenda nato kumudzi sitinafikeko kumeneko. Pokhapokha uike SQLite yakoyako mu app, koma app imalemera, ndipo anthu amadandaula bandulo.

Gift: Pepani kusokoneza, alipo akudziwa kumene akufuna intern wa networking?

Admin Thoko: Gift, za ntchito timaika Lachisanu. Tiyeni timalize iyi kaye.

Chisomo: Ndabwerera. A Kamanga mutu wanga waima. Yatulutsa mizere 7. Woyamba ndi n = 0, muli ma akaunti onse oyamba ndi KW. Inayo 6 ndi awiriawiri: 0457 ndi 457, 0462 ndi 462, choncho. Ndipo ndi anthu osiyana, mayina osiyana.

Ndaona ndalama zawo. Awiri aliwonse zikusintha limodzi.

Mphatso: Mayo ine.

Kamanga: Ndi zimenezo. Pa seva yakale, mayi wa 0457 akasungitsa K20,000, UPDATE inkapeza mizere iwiri, ndipo onse awiri ankalandira K20,000. Wa 457 akatapa, onse awiri ankachotseredwa. UNIQUE index sinaletse chifukwa kwa iyo '457' ndi '0457' ndi mawu awiri osiyana, ndipo ikunena zoona. Query ndi imene inkawaphatikiza.

Zinabwera bwanji kuti akhale ndi manambala ofanana chonchi?

Chisomo: Timabuku takale tinasindikizidwa ndi manambala anayi, ziro kutsogolo. Titatha, anagula tina topanda ziro, ndipo kalaliki wa nthawi imeneyo anayambira pa nambala imene iye ankaganiza kuti ndi pamene analekezera. Anabwerera mmbuyo pang'ono.

Kondwani: Koma anthu osaona zaka zonsezi? Ndalama kuonjezekera zokha ine ndingaone tsiku lomwelo kkkk

Chisomo: Mamembala amakhulupirira kabuku kawo ka pamanja, sisitimu saiona. Koma msungichuma wakhala akudandaula chaka chilichonse pogawa phindu kuti zapa kompyuta sizikugwirizana ndi za mu cash book. Ankaganiza kuti ndi makalaliki akulakwitsa polemba. Mtsikana wina mpaka anamukhazika pansi pa komiti.

Yamikani: Izi ndiye zowawa. Munthu kufunsidwa mafunso chifukwa cha makoteshoni awiri osowa.

Nanga a KW aja? intval ya 'KW12' mu PHP ndi 0. Wina akanasungitsa kudzera pa tsamba limeneli, query ikanakhala `WHERE akaunti = 0`, ndipo onse a KW akanalandira.

Chisomo: Ndinaganizanso zomwezo, ndinachita kunjenjemera. Mwamwayi amenewo ndi ma akaunti a magulu a ku Kawale, ali ndi tsamba lawo, ndipo kumeneko analemba ndi prepared statement yabwinobwino. Kungoti akukhala mu tebulo lomwelo, n'chifukwa chake UPDATE ikuwapunthwa.

Kamanga: Ndipo ikuwapunthwa chifukwa ikuyenda tebulo lonse. Ikani EXPLAIN kutsogolo muone, sikugwiritsa ntchito index ya akaunti. Index ya mawu singagwire ntchito ukamafunsa ndi nambala, popeza pali mawu ambirimbiri amene angasanduke 457: '457', '0457', ' 457', '457.0', '4.57e2'. MySQL singadziwe kuti ikawapeze pati mu index, ndiye imawerenga onse. Mbali inayo ilibe vuto: column ikakhala INT inu n'kulemba '457' m'makoteshoni, imasandutsa kamodzi kokha n'kugwiritsa ntchito index. N'chifukwa chake anthu ambiri amazolowera kuti zilibe kanthu, mpaka tsiku limene akumana ndi VARCHAR.

Kondwani: Ok apa ndagonja pa strict. Koma ndifunse moona mtima. Bwanji opanga ma database osangosankha lamulo limodzi n'kukhala nalo? Iwe walemba code ikuyenda, patapita zaka wina ku Oracle, eni ake a MySQL, waganiza zina, kasitomala akukuimbira iwe usiku. Ife kuno timalipidwa kamodzi popereka sisitimu, za kukonza pambuyo pake palibe amafuna kulipira.

Kamanga: Funso labwino, ndipo mbali ya malipiroyo sindikutsutsani. Koma amene timagwiritsa ntchito PostgreSQL tinadutsamo kale mu 2008, itatuluka 8.3. Mpaka 8.2 inkasandutsa pafupifupi chilichonse kukhala text payokha ikasowa chochita. Munthu ukaiwala makoteshoni n'kulemba `WHERE tsiku < 2008-03-15`, mbali ya kumanjayo si tsiku, ndi samu: 2008 kuchotsa 3 kuchotsa 15, yankho 1990. Database inkatenga tsiku ndi 1990, zonse kuzisandutsa mawu, n'kuzifananiza ngati mayina a mu kaundula. Popanda error. Lipoti linkatuluka, bwana n'kusaina.

Mu 8.3 anachotsa zimenezo. Dziko lonse linadzuka ndi `operator does not exist: character varying = integer`. Anthu anakwiya kwambiri, ena anapanga ma script obwezeretsa ma cast akale. Ukabwezeretsa, polumikiza mawu ndi nambala ndi `||` inkayamba kudandaula kuti `operator is not unique`, chifukwa tsopano inali ndi njira ziwiri ndipo sinkadziwa yosankha. Mapeto ake aliyense anakonza code yake basi.

Ndiye query ya a Chisomo ija pa PostgreSQL ikanakanidwa tsiku loyamba, mlembi wake ali pompo, asanapite kunja. Ine pakati pa database yondikwiyitsa ndi yondisekerera ikusakaniza ndalama za anthu, ndimasankha yondikwiyitsa.

Mphatso: Koma PostgreSQL nayo musaiyeretse kwambiri a Kamanga. Mu version 14, ya 2021, anasintha `EXTRACT` kuti izibweza numeric m'malo mwa double precision. Zomveka, chifukwa double inkataya tizigawo ta masekondi. Koma pa Node, driver ya pg imabweretsa double ngati nambala, numeric ngati string, poopa kutaya manambala. Ndiye code yonena kuti mwezi + 1 pa May inkatulutsa 6, pambuyo pa upgrade ikutulutsa '51'. Palibe error paliponse, JavaScript imangolumikiza mosangalala. Ndinaziona pa dashboard ina, mwezi wa 51.

Tadala: kkkkk mwezi wa 51 malipiro ake tidzalandira liti

Mphatso: Kukonza kwake ndi `EXTRACT(month FROM tsiku)::int`, kapena date_part imene inatsala pa double. `COUNT(*)` nayonso pa pg imabwera ngati string chifukwa ndi bigint, koma imeneyo yakhala choncho kwa nthawi yaitali, anthu anaizolowera.

Kamanga: Zoona mayi, pamenepo mwandigwira. Kumeneko kusintha kunachitika mwakachetechete, ndipo ndi koopsa kuposa kwa 8.3.

Yamikani: Ife a SQL Server ndi Oracle vuto lathu ndi lamtundu wina. Pa SQL Server int ili pamwamba pa varchar, ndiye query ngati ya Chisomo imasandutsa column kukhala int, ikafika pa 'KW12' imagwa ndi Conversion failed when converting the varchar value. Pa Oracle ndi ORA-01722, invalid number. Koma imagwa pokhapokha ikaufikira mzere woipawo. Ngati mu WHERE muli sefa ina, mwachitsanzo nthambi = 'Area 25', ndipo optimizer, gawo la database losankha njira yoyendetsera query, yasankha kuyamba ndi imeneyo, mizere ya KW imatayidwa isanasandutsidwe, query n'kudutsa bwinobwino kwa zaka. Tsiku lina mwakweza version, kapena statistics zasintha, kapena wina waonjezera index, optimizer yasankha njira ina, query yomweyo yagwa. SQL silonjeza kuti iyamba ndi sefa imene inu mwalemba koyamba.

Ndipo ukamufotokozera bwana kuti code sinasinthe, deta sinasinthe, koma yasiya kugwira, amakuyang'ana ngati ukumunamiza.

Mphatso: TRY_CAST ilipo kumeneko eti?

Yamikani: Ilipo kuyambira SQL Server 2012, ikalephera imabweza NULL m'malo mogwa. Imathandiza poyeretsa deta. Koma pa query ya tsiku ndi tsiku ndi bwino kungotumiza parameter ya mtundu wolondola.

Tadala: Ine lamulo langa n'loti ngati chinthu sungachiphatikize kapena kuchichotsera, si nambala. Foni, akaunti, nambala ya mita, ya lisiti, ya chiphaso cha unzika imene ili kale ndi zilembo mkati. Zonsezo TEXT, ndipo zizifunsidwa ngati TEXT kuyambira pa fomu mpaka pa query.

Kamanga: Makamaka zazitali. DOUBLE imasunga nambala yathunthu molondola mpaka 9007199254740992 basi, manambala 16. Token ya magetsi ili ndi manambala 20. Mukaisunga mu VARCHAR n'kuifunsa popanda makoteshoni pa MySQL, ma token awiri osiyana manambala omalizira okha adzaoneka ofanana, chifukwa onse asanduka DOUBLE imodzimodzi. Mu BIGINT wamba simukwananso, imathera pa manambala 19. Excel ndiye imasunga 15 okha, otsalawo imaika maziro, ndipo mukasunga fayiloyo sabwereranso. Ndiye wina akakutumizirani CSV, funsani kaye ngati anaitsegula mu Excel panjira.

Gift: Funso la wophunzira. Ndiye intval ija anaiikiranji? Tinaphunzitsidwa kuti imateteza SQL injection.

Mphatso: Imatetezadi, ndipo mlembiyo mwina ankaganiza zomwezo. Pa id yeniyeni ya INT palibe vuto. Koma apa inadula ziro wa akaunti isanafike n'komwe ku database. Prepared statement imateteza injection popanda kusintha chimene munthu walemba. Chisomo ulembe chonchi:

`$q = $db->prepare('UPDATE mamembala SET ndalama = ndalama + ? WHERE akaunti = ?');`

ndipo akaunti uimange ndi PARAM_STR, osati PARAM_INT, chifukwa pa emulated prepares PARAM_INT imaika nambala yopanda makoteshoni, ubwerera pomwe unali. Kenako uone `rowCount()`. Ikakhala yosiyana ndi 1, rollBack n'kumuuza kalaliki. Kamzere kameneka kakanagwira vutoli tsiku loyamba, pa version iliyonse.

Chisomo: Ndasintha, ndayesa pa kope ya database, 0457 yokha ndi imene yasintha. EXPLAIN ikuonetsanso kuti yagwira index. Ndasaka intval mu code yonse, ili pa masamba ena anayi okhudza akaunti: kutapa, kubweza ngongole, statement ndi kusamutsa. Ndikonza onse usiku uno.

Koma funso: n'chifukwa chiyani error-zi zikuoneka pa sikirini tsopano? Mu code mulibe paliponse pamene akuzisindikiza.

Mphatso: PHP 8.0 inasinthanso default ya PDO kuchoka pa silent kupita pa exception. Kale query ikalephera, PDO inkangobweza false, code n'kupitiriza ngati palibe chachitika, mwinanso kusindikiza lisiti. Usaibwezere pa silent chonde. Ungozigwira bwino kuti kalaliki aziona uthenga womveka, zatsatanetsatane zizipita mu log.

Kondwani: Nanga ndalama za anthu 12 aja? Mu tebulo la malisiti mukhoza kuwerengeranso eti, aliyense zake.

Chisomo: Ndi pamene pavuta. INSERT ya lisiti imagwiritsa ntchito $akaunti yomweyo itadutsa kale mu intval. Ndiye malisiti onse a 0457 ndi a 457 alembedwa kuti 457. Palibe id ya membala, palibe dzina. Pali tsiku, ndalama ndi nambala ya lisiti basi.

Yamikani: Nambala ya lisiti ndi ya pa buku la pepala lija la kaboni?

Chisomo: Eya, kalaliki amakopera kuchokera pa buku.

Yamikani: Ndiye muli ndi mwayi. Pa kaboni pali dzina. Tulutsa mndandanda wa malisiti onse a manambala 6 amenewo, motsatira nambala ya lisiti kuti kusaka m'mabuku kusavute, usiye column yopanda kanthu yolembamo mwini wake. Kenako mufananize ndi timabuku ta mamembalawo.

Komanso taona, si 12 okhawo. Mamembala onse a ziro kutsogolo malisiti awo alembedwa opanda ziro. Ukakonza statement kuti izifunsa ndi mawu, wa 0123 aona statement yopanda kanthu chifukwa malisiti ake ali pa '123'.

Chisomo: Ishh, zoona. Ndikanaziona mawa kalaliki akundiimbira.

Kamanga: Kwa amene alibe mnzawo wofanana naye n'kosavuta, UPDATE imodzi yolumikiza malisiti ndi mamembala, pamene `TRIM(LEADING '0' FROM akaunti)` ikufanana ndi ya pa lisiti, kupatula 6 aja. Onse mbali ziwiri ndi mawu, palibe DOUBLE. Koma pangani mysqldump kaye, muikopere pa flash, muyese pa kope, muwerenge mizere isanasinthe ndi itasintha. Ndipo muonjezere column ya membala_id pa malisiti kuti za mtsogolo zisadalirenso nambala ya pa kabuku.

Za anthu 12 aja, a Chisomo, ndalama zawo musazisinthe nokha olo mutapeza yankho lolondola. Lembani kalata yaifupi kwa wapampando ndi msungichuma, m'Chichewa chomveka, osatchula DOUBLE. Munene ma akaunti ake, chimene chinkachitika, ndi kuti chaima liti. Komiti ivomereze manambala atsopano ndi kusaina, inu mulowetse pambuyo. Phindu la zaka zapitazo linagawidwa potengera ndalama zolakwikazo, ndiye pali ena analandira zochuluka, ena zochepa. Zoti achite nazo bwanji ndi nkhani ya komiti, si ya IT.

Mphatso: Ndipo mukalatamo mutchule kuti si makalaliki. Mtsikana uja ayenera kumva zimenezo pamaso pa anthu omwe anamufunsa aja.

Chisomo: Nditero asisi. Akadalipo, ndi amene amatsegula mmawa.

Kondwani: Ndiye mawa mzere uja?

Chisomo: Tsamba losungitsa ndi lotapa zikhala zitakonzeka, strict ikhala momwemo. Ma akaunti 12 ndawatseka kaye pa sisitimu, amenewo akabwera alemba pamanja mpaka komiti ikumane.

Tadala: Ndipo XAMPP ija uichotse man. Ika Docker ndi mysql:8.0 ndi PHP 8.1, zofanana ndi za pa seva, sql_mode yomweyo.

Chisomo: Laputopu yanga ili ndi RAM ya 4GB, Docker idzaipha.

Tadala: Ndiye ingoika MySQL 8.0 payokha pa port 3307, MariaDB ikhale pa 3306. Installer ndili nayo pa flash, usaononge bandulo. Mawa ndili ku City Centre mpaka 4 koloko.

Kamanga: Mufunsenso a hosting akuuzeni nambala yonse ya version, osati 8.0 chabe, ndipo muwapemphe kuti ulendo wina azikuuzani kusanachitike. Pakati pa 8.0.15 ndi 8.0.16 pokha mwaona kale kusiyana.

Chisomo: Ndawalembera. Ndalankhulanso ndi msungichuma, akuti mabuku a kaboni akale ali m'katoni kunyumba kwa wapampando ku Area 49, abwera nawo Loweruka 9 koloko. Tadala ndikupeza cha m'ma 2, ndikadzatsika pa siteji ndidzakuimbira.